Manja Owatembenuza Amayi

Lifidzi, 17 Maio 1954

Kwa alamu anga a Lucinda, kuchipatala ku Beira,

Moni wambiri alamu. Ndine Basilio, mwamuna wa akulu anu a Olinda. Ndikhulupirira muli bwino kwanu kotenthako. Kuno kuzizira kwayamba kale, mmawa madzi a mumtsuko akuluma mano. Ndalemba ine chifukwa akulu anuwa akuti cholembera chimawatopetsa kuposa khasu.

Nkhani si yabwino, koma musataye mtima. Lachitatu lapitali amayi anu, apongozi anga, anagwa m'munda akuzula nyemba. Anawapeza ndi amayi anu aang'ono a Violeta, atagona pakati pa mizere, kukamwa kutakhota. Dzanja lamanzere ndi mwendo wamanzere zafa. Kuyankhula akuyankhula ngakhale mawu akutuluka olemera, ndipo nzeru zilipo zonse, poti atangotsitsimuka anafunsa ngati nyemba zija tazituta.

Airima, masisitere a ku mishoni, anabwera kudzawaona. Akuti ndi mtsempha wa m'mutu, mankhwala obwezera ziwalo palibe, chatsala ndi chisamaliro basi. Ndiye tawagoneka pamphasa pafupi ndi moto, tawafunditsa zofunda ziwiri, ndipo sitikuwagwedeza n'komwe kuti apumule bwino. A Olinda ndiwo akugona nawo m'nyumbamo, ngakhale mukudziwa kuti ali ndi pakati pa miyezi isanu ndi iwiri. Za m'nyumbamo ndikulemba monga momwe andiuzira iwo.

Inu mumagwira odwala tsiku ndi tsiku, tiuzeni chochita. Ngati akuluakulu anu ali ndi mtima akupatseni lisensa ya tchuthi mubwere. Mulembenso za moyo wanu, chifukwa amayi akufunsa ngati munanenepako.

Ndine mlamu wanu,
Basilio


Beira, 29 Maio 1954

Alamu a Basilio,

Moni kwa inu, kwa akulu anga ndi kwa ana. Kalata yanu ndinaiwerengera m'chipinda chophikira nsalu za mabala, ndipo ndinalira mpaka mnzanga Carolina anaganiza kuti kwathu kwagwa maliro. Lisensa andikaniza. Anamwino tachepa, akuti ndidikire Dezembro. Choncho manja anga akhala inuyo, ndipo kalatayi musaiwerenge mothamanga ngati mmene mumaimbira nyimbo kutchalitchi.

Kuwasiya amayi agone osagwedezeka ndi kuwapha. Ndikudziwa mwachita mwa chikondi, koma lekani lero lomwe. Munthu akagona mbali imodzi nthawi yaitali, fupa limapsinja khungu, magazi sadutsa, mnofu umafa, kenako pamabooka bala. Kuno ndaona amuna amphamvu, dotolo atawang'amba n'kuwasoka bwinobwino, akutengedwa ndi bala la pogonera. Muziwatembenuza maola awiri asanadutse, usana ndi usiku womwe: cha kumanja, chagada, cha kumanzere pang'ono, mukutsamiritsa msana ndi nsalu zopindapinda. Wotchi mulibe, koma dzuwa muli nalo. Khomani kamtengo pabwalo, lembani mizere, mthunzi ukafika pamzere mwadziwa.

Tsiku lililonse wina aziyang'ana kumsana m'munsi, pafupa la m'chiuno mbali zonse, ndi zidendene. Pakaoneka poda kuposa pena, potentha kapena polimba, pamenepo asagonerenso.

Achotseni pamphasa. Ndinu mmisiri wa matabwa, khomani kama, muikepo thumba la makoko a chimanga ofewa. Asagone m'mikodzo ngakhale pang'ono. Muziwasambitsa ndi madzi ofunda ndi kuwapukuta mosakhula. Moto ukhale kutali ndi mwendo wakufawo, chifukwa sumva kutentha, upsa iwo ali phee. Podya muziwakhazika tsonga. Phala likhale lolimbirako, muzilowetsa pang'onopang'ono mbali yamoyo ya kukamwa, chifukwa akatsamwa chakudya chimathawira m'mapapo ndipo chibayo sichichedwa. Dzanja ndi mwendo zakufazo muzizipinda ndi kuziwongola mmawa ndi madzulo kuti zisaume.

A Olinda asanyamule munthu ndi mimba imeneyo. Kutembenuza ndi ntchito yanu, alamu. Munthu amene amasenza yekha chipika cha mlombwa sangalephere amayi anga, amene ndi opepuka ngati mtolo wa udzu.

Muwauze kuti ndinanenepa, yunifomu ikundithina.

Mlamu wanu,
Lucinda


Lifidzi, 14 Junho 1954

Alamu a Lucinda,

Moni. Kalata yanu inafika Lachisanu ndi kamiyau, lole ya ku mishoni, ndipo ndaiwerenga katatu, mosathamanga, monga munalamulira inu a enfermera, anamwino athu.

Kama ndakhoma, ya mlombwa womwewo, ndapala mpaka ntchentche ikhoza kuterereka. A Olinda ndi a Violeta anailowetsa zidutswazidutswa, ine ndikuwauza ndili panja kuti thabwa ili likalowe apa. Moto tasunthira kukona. Kamtengo ka mthunzi kali pabwalo, ndipo anthu odutsa akuyesa kuti ndatsirika mudzi. Phala akudya atakhala tsonga, atsamwa kamodzi kokha. Dzanja lija a Olinda akulipinda, amayi akuti akumva ngati akupinda dzanja la munthu wina.

Za kutembenuza zija, tikuyesetsa. A Violeta amawoloka kuchokera kutsidya mmawa ndi madzulo, amathandizana ndi akulu anu. Masana amakhala ku mbatata zawo, poti akapanda kukumba mwezi uno ziwolera pansi. Amuna ambiri a pamudzi pano anawatenga ku ntchito ya msewu, akazi ali pikitipikiti ndi zokolola, komanso amayi sakufuna kuti aliyense wodutsa aziwaona thupi. Ndiye pakali pano akutembenuzidwa kawiri patsiku, tsiku labwino katatu.

A Olinda akuti kumsana m'munsi kwada, kukula kwake ngati chikhatho cha khanda, ndipo pakutentha. Ine sindinapaone.

Munati ntchitoyi ndi yanga. Mphamvu ndili nazo, alamu, koma pali zinthu zimene munthu sangachite ngakhale mtima ukumuwawa. Inu ndinu mwana wa mudzi uno, mundimvetsa.

Ngati muli ndi sabau wosambira wabwino titumizireniko, wa kusitolo kuno akuwayabwa.

Basilio


Beira, 26 Junho 1954

A Basilio,

Moni ndikupatsani chifukwa ndinaleredwa bwino, koma mtima wanga suli pamalo. Kawiri patsiku? Ndinalemba maola awiri, inu mwawerenga kawiri. Pamalo padapo ndi chiyambi cha bala limene ndinakuuzani, ndipo pansi pa khungulo mnofu wayamba kale kufa.

Mukuti ndikumvetseni. Ndamvetsa ndithu. Kupala matabwa n'kokoma, anthu amaona ndi kuyamika, koma mikodzo ya nkhalamba imanunkha. Ine ndimapukuta anthu makumi atatu tsiku lililonse, osadziwa ngakhale mayina a midzi yawo, ndipo sindinafe nazo. Inu mukunyansidwa ndi mayi amene anakupatsani mkazi, munda ndi malo omangapo nyumba. Mukufuna akulu anga apite padera chifukwa chonyamula munthu, inu mukuyeza mthunzi pabwalo? Sindinkadziwa kuti muli chonchi.

Ndatumiza sabau ndi nsalu zoyera za mabala. Pakabooka, wiritsani madzi odzaza botolo lalikulu, muthiremo mchere kasupuni kamodzi ndi theka, azizire, mutsuke nawo balalo kawiri patsiku ndi manja osamba. Phimbani ndi nsalu yowiritsa n'kuyanika padzuwa. Phulusa ayi, masamba otafuna ayi, ngakhale a Violeta alumbire kuti anachiritsa nazo anthu khumi. Adye mazira, nyemba zosenda ndi mkaka, poti bala limatsekedwa ndi chakudya, ndipo amwe madzi ambiri ngakhale akane poopa kukodza. Mukamva fungo, mukaona mafinya, kapena thupi likatentha ndi kunjenjemera, thamangani kwa airima osadikira kalata yanga.

Koma zonsezi n'zachabe ngati akugonerabe pomwepo.

Lucinda


Lifidzi, 11 Julho 1954

Lucinda mng'ono wanga,

Moni. Ndine Olinda, ndalemba ndekha, zanditengera masiku atatu, usaseke zilembo. Alamu ako, bambo a Rufina, akana kulemba. Kalata yako anawerenga mpaka pakati, anaipinda, anapita kukapala matabwa, tsiku limenelo sanadye.

Iwe wakhala kwa azungu mpaka waiwala kuti mkamwini ndi mpongozi n'chiyani? Unachoka kuno uli ndi zaka khumi ndi zitatu kupita kwa airima, ndiye ndikukumbutse. Zaka khumi ndi chimodzi ali pamudzi pano sanakhalepo pamphasa imodzi ndi amayi. Sanayang'anepo nkhope yawo. Akakumana panjira wina amapatukira kutchire mpaka mnzake adutse. Akafuna kuuzana kanthu amatuma ine. Ndi ulemu umenewo, ndipo amayi amawatama nawo kwa anthu, kuti mkamwini wawo ndi woleredwa. Lero iwe ukuti alowe m'nyumba mwawo akawagwire m'chiuno?

Sanyansidwa. Nsalu zonse za mikodzo amachapa ndi iwo kudambo, akazi akuwaseka.

Atamva kuti kawiri sikukwana anaganiza nzeru. Anaboola khoma mabowo awiri, anamanga zingwe m'mphepete mwa nsalu imene amayi amagonera, anazikoleka pamtanda wa denga n'kuzitulutsira panja. Mthunzi ukafika pamzere iwo amakoka ali kunja, ine ndili m'kati ndikutsamiritsa. Amayi anaseka tsiku loyamba, anati akalamba n'kusanduka ndowa ya pachitsime. Zinayenda masiku anayi. Tsiku lachisanu nsalu inawakhwekhwereza m'malo mowatembenuza, khungu la podapo linasupuka. Tsopano ndi bala lenileni, kukula ngati kukamwa kwa kapu, likutuluka madzi. Nditawauza alamu ako anakhala pansi pakhonde n'kugwira mutu, ndipo ndinaona akulira, munthu amene sanalire pamaliro a bambo awo.

Ndikutsuka ndi madzi amchere monga unanenera. Koma mimba yatsika, sindingathe kuwerama, masiku anga ayandikira. Ndikalowa m'chikuta a Violeta adzakhala ndi ine, ndipo sindikudziwa adzawatembenuze ndani.

Ndili ndi mantha, Lucinda. Ukalemba uwapepese alamu ako.

Mkulu wako,
Olinda


Beira, 22 Julho 1954

Akulu anga, ndi alamu anga a Basilio,

Moni nonse. Ndiyambe ndi inu alamu. Ndakulakwirani kwambiri, ndipo manyazi andigwira moti kalata ya akulu anga ndinalephera kuiwerenga kachiwiri. Munandiuza mwaulemu, ine ndinamva ndi makutu a m'tauni. Kuno timavula agogo ndi mafumu omwe osafunsa kuti ndi apongozi a yani, ndipo ndinaiwala kwathu. Pakamwa panga panathamanga kusiya nzeru m'mbuyo. Ndikhululukireni. Munthu wonyansidwa saboola khoma.

Koma zingwezo chotsani. Khungu la wodwala silifuna kukhwekhwerezedwa. Nsalu ya pansi ndi nzeru yabwino, ifenso timagwiritsa ntchito, koma pamafunika kunyamula kuti thupi lichoke pakama, kenako kutembenuza. Zimenezo chingwe sichingathe, zimafuna manja ndi maso.

Gawo lotsatirali, akulu anga, muwawerengere amayi inuyo, mawu onse, osadumpha.

Amayi, ndine Lucinda. Mwambo wanu sindiupeputsa, ndipo ndikudziwa kuti mwausunga bwino kuposa akazi onse a pamudzipo. Koma ndikakubisirani ndikhala mwana woipa. Bala lili kumsana kwanulo likapanda kupuma lilowa mpaka pafupa. Mafinya adzalowa m'magazi, thupi lidzatentha, ndipo Dezembro simudzamuona. Ndaona zimenezi kambiri, sizitenga miyezi itatu. Dzanja ndi mwendo sizingakupheni, anthu amakhala nazo zaka. Balali ndilo lingakupheni, ndipo mankhwala ake ndi kutembenuzidwa basi.

Manja amene angachite zimenezo ali kuseri kwa khoma lanu. Iwo sangayambe, mkamwini sadzitsegulira yekha chitseko cha apongozi. Ine sindingakulamuleni. Ndikungopempha, amayi, chifukwa ndikufuna ndikadzatsika kamiyau mudzandinyoze kuti ndanenepa, osati a Violeta adzandilozere mtumbira.

Mwana wanu,
Lucinda


Beira, 20 Agosto 1954

Alamu, akulu anga,

Moni. Mwezi watha osamva kanthu. Tsiku lililonse ndimapita kukafunsa makalata mpaka wogawa makalatayo wayamba kundithawa. Ngati mwandikwiyira, kwiyani, koma lembani mzere umodzi. Kodi akulu anga anachira? Amayi ali moyo? Ngati zinthu zinaipa musandibisire, ndine wamkulu.

Lucinda


Lifidzi, 5 Setembro 1954

Alamu a Lucinda,

Moni, ndipo pepani pochedwa. Sitinakwiye, manja ndiwo anali otanganidwa. Akulu anu anachira pa 30 Julho, mwana wamkazi, onse ali bwino. Kalata iyi si yanga. Akunena ndi amayi anu, ine ndikungolemba, ndipo andichenjeza kuti ndikasintha mawu adzadziwa.

Lucinda, mwana wamwano iwe, ndili moyo.

Kalata yako inafika Olinda ali m'chikuta tsiku lachiwiri, Violeta ali naye komweko. Ine ndinali nditagona mbali imodzi kuyambira dzulo lake. Fungo ndinkalimva ndekha, ndipo ndinkanjenjemera dzuwa lili pamutu. Wowerenga panalibe wina. Ndinangomva kukhosomola kuseri kwa khoma, kenako mawu akulowera pabowo la chingwe lija. Anali akamwini. Anati pali kalata yochokera ku Beira, gawo lina ndi langa, ndipo apepesa kuti alinena ndi iwo. Anawerenga mawu onse. Atafika pa manja ali kuseri kwa khoma ndinayesa athawa, koma anamaliza.

Ndinakwiya nawe, usaganize kuti sindinakwiye. Ndinati mwana uyu wandivula pamaso pa mkamwini. Ndinagona ndikuyang'ana denga. Kenako ndinamva kakhanda kakulira kutsidya kwa bwalo, ndipo ndinati kodi ndife osakanyamula chifukwa cha manyazi? Amayi anga anandiphunzitsa kuthawa mkamwini kuti pamudzi pakhale ulemu. Sanandiphunzitse kuti ndiwolere nawo ulemuwo.

Ndinaitanitsa Violeta, ndinati akaitane ankhoswe, agwirenso nkhuku yanga yaikulu ija. Sindinafune kuti anthu adzati tinachita mobisa. Masana omwewo, ankhoswe ali pakhonde, nkhuku inaperekedwa kwa akamwini kuti mwambo wothawana uthe, ndipo ine ndinanena ndekha, lilime lolemerali: "A Basilio, lowani mudzanditembenuze." Dzina limenelo ndinali ndisanalitchulepo.

Analowa chobwerera m'mbuyo ngati nkhanu, anapunthwa pamtondo, ndinachita kuwauza kuti atembenuke asanandigwere. Atandinyamula anatseka maso. Ine ndinatsegula anga. Zaka khumi ndi chimodzi ndinkawadziwa ndi chikhosomole ndi phokoso la macheka basi. Bwanji inu ana simunandiuze kuti ali ndi imvi kale? Ndinawauza kuti atsegule maso aone balalo, poti wosaliona salitsuka. Atangoliona anathamanga ku mishoni opanda chipewa.

Airima anabwera, anadula mnofu wakufa, anandibaya jakisoni masiku asanu. Zinawawa, ndinawatukwana m'Chinyanja, iwo anayesa ndikupemphera. Anati mankhwala awo sathandiza ndikagonerapo. Kuyambira pamenepo akamwini sanadumphe mzere ngakhale umodzi wa mthunzi wawo uja. Amandinyamula osakhwekhwereza, amatsuka ndi madzi amchere, amandikakamiza mazira mpaka ndayamba kudana ndi nkhuku. Matabwa a anthu angounjikana, eni ake akudandaula. Ena pamudzi akunena. Anene, msana ndi wanga.

Fungo linatha. Akuti balalo lafiira bwino, likudzadza kuchokera pansi, latsala ngati chikhadabo cha chala chachikulu. Ine sindingalione, koma munthu uyu sanama. Dzulo anandinyamula kundikhazika pakhonde, Olinda anandiika khanda pamwendo wamoyowu, ndinaligwira ndi dzanja limodzi. Dzina sitinatche, tikudikira iwe. Ubwere Dezembro, ndidzakhala ndilipo.

Chomaliza, ndawauza alembe kuti ndili mtsikana ndinabala ana aakazi awiri, ndipo wamwamuna ndamubalira pakama pano nditakalamba. Akuti zimenezo dzanja lawo silingalembe. Ndawauza kuti dzanja langa linafa koma lawo lili moyo, alembe.

Ndine mayi wako,
Sesilia

Alamu, ndalemba.

Basilio